Ndidikire mpaka nditatsimikiza?

Funso: Ndine mayi wa zaka 36, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani imodzimodzi kwa zaka 11. Malipiro sachedwa, koma ntchitoyo sikundisangalatsanso ndipo zokwezedwa palibe. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi akufuna titsegule ofesi yathu yosungira mabuku a ndalama ndi kulembera misonkho mabizinesi ang'onoang'ono. Papita zaka ziwiri ndikuganizabe. Lero ndidzuka nditalimba mtima, mawa mantha okhaokha. Achibale akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mnzangayo wandiuza kuti sangadikirenso. Ndingadziwe bwanji kuti zidzayenda? Kapena ndidikire mpaka mtima utakhazikika?

Yankho: Mayi, funso lanu loyamba yankho lake ndi lalifupi: simungadziwe. Mnzanuyo sakudziwa, achibale amene akukuletsaniwo nawonso sakudziwa. Ndipo zaka ziwiri mwakhala mukuganizazi simunazithere pofufuza zatsopano ayi. Zofunika munazidziwa m'miyezi yoyambirira: ntchitoyo mumaitha, mnzanuyo mumamudziwa, mabizinesi ofuna thandizo alipo. Kuchokera pamenepo mwangokhala mukutembenuza mfundo zomwezo, kuyembekeza kuti tsiku lina zinena zina. Sizidzanena.

Mu 1921 katswiri wa zachuma wa ku America, Frank Knight, anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambirife timaziphatikiza. Pali chiopsezo chowerengeka. Kampani ya inshuwalansi siidziwa nyumba imene ipse chaka chino, koma ikaona kaundula wa zaka zambiri imadziwa kuti mwa nyumba zochuluka chakuti zimapsa zingati, n'kuika mtengo wake. Ndiye pali kusadziwika kumene sikuwerengeka, chifukwa chinthucho sichinachitikepo. Ofesi ya inu ndi mnzanuyo, ndi makasitomala amene simunakumane nawo, ilibe kaundula. Inu ndinu munthu wa manambala, ndipo ndikuganiza kuti apa m'pamene pakukupwetekani: mukufuna mabuku a chaka chimene sichinafike agwirizane ngati a chaka chatha. Knight ananenanso kuti phindu lenileni la bizinesi limachokera m'kusadziwika komweko. Zikanakhala zoonekeratu kuti ofesi yotereyi ipindula, bwenzi aliyense wodziwa ntchitoyi atatsegula yake kalekale, phindulo n'kutheratu. Amene amapindula ndi uja wavomera kuyamba asakuona mapeto.

Mantha anuwo si ofooka mtima, ndi mmene anthufe tinapangidwira. Daniel Ellsberg anapereka chitsanzo mu 1961 chimene akatswiri ena achiyesa pa anthu kambirimbiri. Pali mitsuko iwiri. Woyamba muli timipira 100, tofiira 50 ndi takuda 50. Wachiwiri mulinso 100, tofiira ndi takuda, koma simunauzidwe kuti tofiira ndi tingati. Mukatola kofiira osayang'ana, mupata mphoto. Ambiri amasankha mtsuko woyamba. Mukawauza kuti tsopano mphoto ili pa kakuda, amasankhanso woyamba womwewo. Taonani kusokonekera kwake: poyamba anachita ngati mtsuko wachiwiri muli tofiira tochepa, kenako achita ngati muli takuda tochepa, zimene sizingatheke nthawi imodzi. Sakuthawa mwayi wochepa, akuthawa kusadziwa basi. Onjezeranipo zimene Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anayamba kusonyeza mu 1979, zakuti kutaya chinthu kumatipweteka kwambiri kuposa mmene kupeza chofanana nacho kumatikomera, mwina kuwirikiza kawiri. Ndiye mukakhala pansi usiku kuyerekeza mbali ziwirizi, sikelo yanu ndi yopendekeka kale. Malipiro amene mungataye akulemera kawiri, ndipo zimene mungapeze zikupepuka chifukwa simungazione.

Pali chinanso chimene sikeloyo siionetsa n'komwe, ndicho mtengo wokhala pomwe mulipo. Achibale akamati gwiritsitsani cha pamphuno akuganiza kuti ntchito yolembedwa ilibe chiopsezo. Chilipo. Makampani amatsekedwa, amagulidwa, amachepetsa antchito, ndipo ntchito zambiri zosunga mabuku zikulowedwa ndi mapulogalamu a kompyuta. Wolembedwa ntchito ali ndi kasitomala mmodzi yekha, bwana wake, ndipo kasitomalayo akachoka zonse zapita tsiku limodzi. Kuwonjezera apo pali zaka zanu. Kudikira kumaoneka ngati simunasankhe kanthu, komatu mwezi uliwonse mukumasankha kukhala, kungoti mukusankha mosavomera. Mtengo wake subwera pa risiti, n'chifukwa chake ngakhale owerengera ndalama amauiwala.

Pa nkhani yonong'oneza bondo, Thomas Gilovich ndi Victoria Medvec anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti nthawi imasintha zimene timadandaula nazo. Pakapita masiku ochepa, anthu amadandaula kwambiri ndi zimene anachita n'kulakwika. Pakapita zaka, zimene zimawavutitsa ndi zimene sanachite. Chifukwa chake n'chomveka. Cholakwika chimene unachita chili ndi malire, umachiona kukula kwake, umachikonza, umaphunzirapo, mwinanso umadzachiseka. Chimene sunayese chilibe malire, mtima umangochikometsera chaka ndi chaka.

Kafukufuku amene amandichititsa chidwi kwambiri pa anthu a mitima iwiri ngati inu ndi wa Steven Levitt, amene pa nthawiyo anali pa yunivesite ya Chicago. Iye anatsegula tsamba pa intaneti limene anthu olephera kusankha ankaponyerapo ndalama yachitsulo: ikagwa mbali iyi sinthani, ikagwa inayo khalani. Ndalamayo inaponyedwa maulendo oposa 20,000, ndipo ena mwa mafunso anali akuluakulu, monga kusiya ntchito kapena kuthetsa chibwenzi. Ambiri ndithu anatsatira zimene ndalamayo inanena. Atawafunsa patapita miyezi 6, amene anasintha pa nkhani zikuluzikuluzo ananena kuti akusangalala kuposa amene anakhala. Musamve ngati ndikuti ponyani ndalama. Anthuwo anabwera okha, anali kale pakatikati, ndipo chisangalalocho ankachiyeza okha. Koma phunziro lake likukukhudzani: munthu akafika poti mbali ziwiri zikuoneka zofanana kwa nthawi yaitali, kawirikawiri ndiye kuti mbali yosintha ndi imene ikulemera, mantha ndi amene akuzifananitsa.

Tsopano ndikubwezeni pang'ono, chifukwa nkhani zolimbikitsa kulimba mtima zili ndi bodza lake. Timamva za amene anasiya ntchito n'kulemera chifukwa iwowo ndi amene amaitanidwa kukalankhula. Amene anasiya ntchito n'kugwa m'ngongole salemba mabuku. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, katswiri wa masamu Abraham Wald anachenjeza za vuto lomweli pamene asilikali a America ankaunika mabowo a zipolopolo pa ndege zobwerako kunkhondo: ndege zimene zinalasidwa malo oopsa sizinali pamenepo kuti ziwerengedwe, zinagwa. Manambala enieni a bizinesi ndi ozizira. Ku United States, kumene boma limasunga kaundula wa zimenezi, mwa mabizinesi 5 atsopano imodzi imatsekedwa chaka chisanathe, ndipo pofika zaka 5 pafupifupi theka amakhala atatsekedwa. Ndiye kulephera si chinthu chachilendo chimene chimagwera opusa okha. Kungakugwereni inunso mutachita zonse bwino.

N'chifukwa chake ndikufuna musinthe funso. Lekani kufunsa kuti kodi zidzayenda, chifukwa limenelo lilibe yankho. Funsani kuti zikakanika ndidzatsala ndi chiyani. Ili lili ndi yankho, ndipo inu mungaliwerengere usiku umodzi.

Pali kutaya kumene munthu amadzukanso, ndipo pali kutaya kumene kumamuchotsa m'bwalo. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kotheratu. Tiyerekeze masewera amene mwayi wanu wopambana ndi maulendo 60 pa 100 alionse, ndipo mukapambana ndalama munaikayo imawirikiza kawiri. Masewera abwino ndithu. Koma mukamaika zonse muli nazo ulendo uliwonse, mwayi woti mukhale mudakali ndi kanthu pakatha maulendo 10 sufika ngakhale 1 pa 100. John Kelly, wasayansi wa ku Bell Labs, malo ochitirako kafukufuku ku America, anasonyeza mu 1956 kuti pa masewera otere chuma chimakula msanga mukamaika gawo lochepa chabe, pano limodzi mwa magawo 5. Mwayi ukhale wabwino chotani, kuika zonse kumapha. Wolimba mtima wanzeru ndi amene amaonetsetsa kuti akagwa adzakhala ndi poyambiranso.

Kwa inu zikutanthauza izi. Lembani ndalama imene muike mu ofesiyo ndipo muione ngati yapita kale. Ngati kuiona choncho kukukusowetsani tulo, yachuluka, ichepetseni. Werengani kuti banja lingakhale miyezi ingati inu musakubweretsa kanthu, ndipo muwerenge mwankhanza, chifukwa makasitomala a ofesi yatsopano amabwera mochedwa ndipo amalipira mochedwanso kuposa mmene mapulani amanenera. Nyumba isakhale chikole. Ndalama za sukulu za ana zisakhudzidwe. Ngongole ya chiwongola dzanja chachikulu musayambire. Mukatchinga zimenezi, choipitsitsa chimene chingachitike n'chakuti mwataya mpamba ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, n'kubwerera kukafuna ntchito muli ndi zaka 38, luso lanu lili lonse, mutawonjezerapo kudziwa kuyendetsa ofesi. N'zowawa, koma si imfa. Ubwino wa bizinesi mukuifunayi ndi wakuti mpamba wake waukulu uli m'mutu mwanu. Simukugula makina kapena katundu woti akakanika kugulitsidwa aonongeke.

Chiopsezo chimene sindinachione m'kalata yanu, koma chimene chimagwetsa maofesi ambiri a anthu awiri, ndi ubwenzi womwewo. Kuphunzira limodzi si kugwira ntchito limodzi. Musanayambe lemberanani pangano: aliyense waika zingati, phindu mugawana bwanji, ndani asaine ku banki, wina akadwala kapena akafuna kuchoka zitha bwanji. Mnzanuyo akakhumudwa ndi pempho limeneli, mwaphunzira chinthu chofunika mosalipira kanthu. Werenganinso kontrakiti ya ntchito muli nayoyi, muone zimene ikunena pa nkhani yogwira ntchito zapambali ndi yotenga makasitomala a kampani. Kenako chitani zimene katswiri wa kaganizidwe ka anthu Gary Klein amalangiza: khalani pansi awirinu, muyerekeze kuti papita chaka ndipo ofesi yagwa, aliyense alembe payekha chimene chaigwetsa. Anthu akauzidwa kuti chinthu chagwa kale amatchula zifukwa zimene sakanazitchula akanafunsidwa kuti chingavute n'chiyani. Zimene mungazitchinge zitchingeni, zotsalazo muzivomere.

Mwina mukuganiza zoyamba muli pantchito. Si maganizo oipa. Joseph Raffiee ndi Jie Feng anapeza mu 2014 kuti anthu a ku America amene anayamba bizinesi asanasiye ntchito, n'kudzasiya pambuyo pake, mabizinesi awo ankagwa mocheperapo kusiyana ndi amene anangosiyiratu. Ngati kontrakiti ikulola, pezani makasitomala awiri kapena atatu madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Miyezi itatu yotereyi idzakuphunzitsani zambiri kuposa zaka ziwiri zoganiza, chifukwa pali zinthu zimene sizidziwika munthu asanayambe: anthu amavomera kulipira zingati, mnzanuyo amasunga nthawi kapena ayi, inuyo mumamva bwanji mukamakumbutsa kasitomala ngongole. Koma njira imeneyi ikhale ndi tsiku lothera. Ndaona anthu ambiri amene "akuyesa kaye" kwa zaka, ofesi osakula chifukwa ilibe mwini wake masana, kuntchito nako akugwira mwa theka. Mapanga awiri avumbwitsa.

Apa ndafika pa funso lanu lachiwiri, lodikira kuti mtima ukhazikike. Mwazitembenuza. Mtima sukhazikika kuti munthu asankhe, umakhazikika munthu akasankha. Daniel Gilbert ndi Jane Ebert anachita kafukufuku pa ophunzira a pa yunivesite ya Harvard, wofalitsidwa mu 2002. Wophunzira aliyense anajambula zithunzi, n'kutsuka ziwiri, ndipo anauzidwa kuti atenge chimodzi, chinacho asiye. Ena anauzidwa kuti akasintha maganizo m'masiku angapo angabwere kudzasinthitsa. Ena anauzidwa kuti asankhiratu. Patapita masiku, amene anasankhiratu ankakonda chithunzi chawo kuposa amene anali ndi mwayi wosintha. Chodabwitsa n'chakuti anthu ena atafunsidwa gulu limene angakonde kukhalamo, ambiri anasankha la mwayi wosintha, lomwe lija losasangalatsa. Khomo likakhala lotsegula, maganizo amangokhala pakhomopo kuyerekeza. Likatsekedwa, mphamvu zonse zija zimapita pa kukonza chimene wasankha.

Kudzipereka sikungotonthoza mtima, kumasinthanso zotsatira. Kasitomala amene akufuna kukupatsani mabuku ake amafuna kudziwa kuti chaka chamawa mudzakhalapo. Mnzanu amene akuona kuti phazi lanu lina lili kunja nayenso amayamba kusunga lake kunja. Mwezi woipa ukabwera, ndipo udzabwera, wodzipereka amafunsa kuti tikonze chiyani, pamene wa mitima iwiri amafunsa kuti kodi sindinalakwitse. Funso loyambalo limabala ntchito, lachiwirilo limangodya tulo. Choncho mwayi wopambana si nambala imene inalembedwa kale kwinakwake yoti inu muipeze. Mbali ina ya nambalayo mumaipanga nokha ndi mmene mwaloweramo.

Mwina mwaona kuti ndanena zinthu ziwiri zooneka zotsutsana: sungani poyambiranso, komanso tsekani khomo. Zimagwirizana mukaika nthawi. Musanayambe, mutu uli wozizira, gwirizanani ndi mnzanuyo kuti mudzipereka kwa miyezi yakuti, tinene 18, ndipo lembani zizindikiro zimene zidzakuuzeni kuti basi: ndalama yosungira ikatsika kufika pakuti, kapena makasitomala olipira akapanda kufika pakuti pofika mwezi wakuti. Pakati pa lero ndi tsikulo funso lakuti kodi ndipitirize ndi lotsekedwa. Simulitsegula chifukwa kasitomala wakukanani kapena chifukwa wachibale wanena mawu. Tsikulo likafika mumalitsegula moona mtima, ndipo manambala akati siyani mumasiya. Malire amenewa amakutetezaninso ku vuto la mbali inayo, lokakamira chinthu chakufa chifukwa chakuti mwatayirapo kale zambiri. Maboma a Britain ndi France anapitiriza kuthira ndalama pa ndege ya Concorde zitaoneka kale kuti sidzabweza zimene inadya. Zinapangidwa 20 zokha. Kudzipereka kopanda malire kumasanduka liuma.

Anthu amakonda kutchula Hernán Cortés, mtsogoleri wa asilikali wa ku Spain, amene mu 1519 anamiza zombo zake pagombe la Mexico kuti asilikali ake asaganize zobwerera. Ine chitsanzo chimenecho sindichikonda, munthuyo ankatchova juga ndi miyoyo ya ena, ndipo chimene anapita kukachita chinali kulanda dziko la eni. Chitsanzo chimene ndimachiona chothandiza ndi cha Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali a America, Britain ndi anzawo ku Ulaya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu June 1944. Asilikali oposa 150,000 anali okonzeka kuwoloka nyanja kupita ku Normandy, ku France, kukamenyana ndi asilikali a Germany pa 5 June, koma nyengo inaipa ndipo anaimitsa ulendowo. Wolosera zanyengo wake, James Stagg, anamuuza kuti pakhala kampata kochepa pa 6 June. Chitsimikizo panalibe. Kudikira kunalinso ndi mtengo wake, chifukwa mafunde oyenera akanabweranso patapita pafupifupi masabata awiri, ndipo chinsinsi chikanatha kuululika. Analamula kuti apite, kenako analemba kakalata koti kadzawerengedwe zikakanika, konena kuti anasankha potengera zimene ankadziwa pa nthawiyo ndipo mlandu wonse ndi wake. Kakalatako n'kamene kamandigwira mtima. Anayang'ana kulephera m'maso, anakuvomera, kenako anapita ndi mtima wonse. Ndipo zikanakanika, sizikanatanthauza kuti anasankha mopusa. Kusankha bwino ndi kupeza zabwino ndi zinthu ziwiri, pakati pake pali mwayi ndi tsoka zimene palibe amazilamulira. Inunso mudzadziweruze potengera zimene munkadziwa tsiku losankha.

Maganizo anga ndi awa. Malinga ndi zimene mwalemba, ndikupendekera koti muyambe. Luso muli nalo, mpamba wofunika ndi wochepa, pobwerera palipo, ndipo ntchito mukuitetezayo mwanena nokha kuti siikupita kulikonse. Ndingakuletseni pa zifukwa zitatu zokha: ngati banja silingathe miyezi ingapo popanda malipiro anu, ngati muyenera kukongola ndalama imene ingakulanditseni nyumba, kapena ngati mnzanuyo akukana pangano lolemba. Chimodzi mwa izi chikakhalapo, kanani, ndipo mukane momveka. Kukana ndi chisankho chaulemu wake. Mukatero muuzeni mnzanuyo apeze wina, inu muyambe kufunafuna ntchito ina kapena maphunziro owonjezera, chifukwa vuto la ntchito yosakusangalatsaniyo silinachoke.

Chinthu chimodzi chandisowa m'kalata yanu. Mwatchula achibale, mwatchula mnzanu, koma simunanene zimene bambo akunyumba akunena. Achibale akhoza kulangiza, koma sadzasenza nawo mwezi umene ofesi sinabweretse kanthu. Bambowo adzasenza. Khalani nawo pansi sabata ino, osati ndi funso lakuti mukuona bwanji, koma ndi pepala: ndalama yolowa, miyezi imene banja lingapirire, zimene sizikhudzidwa, tsiku lodzaunikanso. Akavomera pepalalo, avomere akudziwa kuti ndalamayo ingathe kupita. Mukatha kukambirana, muimbireni mnzanuyo mumuuze tsiku limene mumupatse yankho, ndipo tsikulo lisapitirire mwezi umodzi kuchokera lero.